Wodwala Wopanda Dzina

Uthenga wa Lyton unalowa Pilira akumanga zingwe za nsapato. "Lero ukhale kutsogolo. Ndikufuna ndizikuona ndikamaphunzitsa."

Anauwerenga kawiri, namwetulira, kenaka anabisa foni m'thumba la jekete ngati pali wina wofuna kumulanda.

"Ndi adokotala athu amenewo eti?" anafunsa Zuleka, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, uku akukonza mpango wake pagalasi. "Usakane. Nkhope yako ikawala choncho sikhala nkhani ya sitiroko."

"Tiye iwe, tachedwa."

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo misewu ya ku Hatfield, mumzinda wa Pretoria, inali itayalidwa maluwa a jakaranda. Awiriwo ankayenda akuwaponda, akusekana, zikwama zili kumsana ngati ana a sekondale.

Pilira Likoswe anali dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha, mmodzi mwa ochepa kwambiri ku Malawi. Anabwera ku Joni kudzachita maphunziro owonjezera a milungu isanu ndi umodzi, okonzera madokotala ochokera kumayiko kumene makina ojambula ubongo amakhala amodzi, amodziwonso n'kumakhalira kufa. Analipo makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ochokera ku Zambia, Lesotho, Mozambique ndi kwina. Ankakumbutsana kupeza matenda ndi maso, manja ndi kanyundo kogogodera bondo, komanso kuwerenga mizere yokhotakhota ya makina oyeza mafunde a ubongo.

Koma Zuleka sankanama. Mtima wa Pilira unali ndi chifukwa chinanso chokondera Pretoria. Lyton Kaludzu, mmodzi mwa aphunzitsi, anakulira ku Nellmapius, komboni ya kunja kwa mzindawo, makolo ake ochokera ku Ntcheu. Chaka chathachi anapita ku Malawi kukaphunzitsa kwa miyezi itatu, nafika ndi Chichewa chake chotsimphina chodzaza ndi "eish". Pilira anayamba ndi kumuseka, kenaka kumukonza, mapeto ake n'kumusowa akachoka. Chinkhoswe anachiika mu Disembala. Lamulungu loyamba Pilira atafika ku Joni, Lyton anapita naye kwa mayi ake, ndipo mayiwo anaimba nthungululu pageti.

"Ndimaopa kuti andibweretsera wa konkuno," anatero tsikulo akumukumbatira. "Mulungu wandipatsa mwana wakwathu."

* * *

Holo inali itadzaza. Kumbuyo, Dineo anali ataimika kale kamera yake. Iyeyu ndiye ankayendetsa zonse za maphunzirowo, ndandanda, makiyi, komanso kujambula phunziro lililonse kuti madokotala amene sanapeze mwayi wobwera azionera ali kwawo. Anali mkazi wamtali, wosalala, wansangala kwa aliyense kupatula Pilira. Tsiku lina Pilira anafunsapo za iye, Lyton nangoti, "Dineo? Tinayendako kalekale tili ana asukulu. Zinatha."

Pilira anakhala pamzere woyamba monga anauzidwira.

Lyton ankadziwa kuphunzitsa. Ankayendayenda atapinda malaya m'mikono, akuponya mafunso uku ndi uku. Mutu wa tsikulo unali khunyu, makamaka mmene dokotala angathandizire wodwala kumalo kopanda makina.

"Mankhwala alipo," anatero. "Chimene chikutimalizira odwala ndi manyazi. Amabisidwa kuchipinda, amafika kwa ife patapita zaka khumi. Ndikuuzeni za wodwala wina. Sinditchula dzina."

Kenaka anayamba kufotokoza.

"Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wa kumidzi ya ku Chiradzulu. M'mawa wina akuphika tiyi anagwa, dzanja lamanzere linagwera pambaula. Anthu analipo, koma palibe anamukoka, poopa kuti thovu lake likawakhudza atenga matenda. Anapsa kuyambira pachala chaching'ono mpaka pamfundo ya dzanja."

Cholembera cha Pilira chinaima pakati pa liwu. Anaganiza kuti makutu akumunamiza.

"Kusukulu anamupatsa desiki yakeyake pakona. Kunyumba, kapu yakeyake. Bambo ake anachoka osatsanzika. Koma namwino wina pachipatala cha mishoni anamuyambitsa mapiritsi, ndipo izi ndi zimene makina anapeza patapita zaka zinayi."

Pakhoma panatuluka chithunzi cha pepala lakale lofiirira, la mizere yokhotakhota. Dzina linali litadetsedwa ndi mzere wakuda, koma Pilira ankalidziwa pepalalo mpaka pamene linang'ambika. Iye analionetsa kwa Lyton pakhonde la nyumba yake ku Malawi, Lamulungu lina masana, misozi ili chuchuchu. Lyton analijambula pafoni n'kunena kuti, "Ndikufuna ndiliwerenge bwino, ndidziwe mmene ndingakusamalire."

"Lero mtsikana ameneyu ndi dokotala wa ubongo," Lyton anapitiriza, mawu ali m'mwamba. "Amamwa kapiritsi kamodzi patsiku, ndipo zaka khumi ndi zisanu zatha asanagwe. Mukabwerera kwanu, kawauzeni odwala anu nkhani imeneyi."

Anthu anaomba m'manja. Dokotala wa ku Zambia amene anakhala pambali pa Pilira, yemwe kwa milungu itatu ankabwerekana naye kanyundo, anayang'ana dzanja lake lamanzere, nachotsa maso mofulumira. Wina wakumbuyo ananong'oneza mnzake. Madokotala achikazi ochokera ku Malawi analimo awiri okha m'holomo, ndipo manja a Zuleka analibe chipsera.

Pilira anatsitsa dzanja pansi pa tebulo, koma onse anali ataliona kale.

* * *

Nthawi ya tiyi itakwana anatuluka osayang'ana munthu. Lyton anamupeza pamalo oimika magalimoto.

"Pili, dikira! Eish, ukuthamangira kuti?"

"Usandigwire."

"Koma sindinatchule dzina."

"Unatchula mudzi. Unatchula zaka, dzanja, mpaka chala. Unangotsala kundiimiritsa kuti andione bwino. N'chifukwa chake unati ndikhale kutsogolo?"

"Ndimakunyadira, Pili. Sukuona? Anthu aja akabwerera kwawo adzathandiza ana ambirimbiri chifukwa cha nkhani yako. Iwe ndiwe umboni."

"Umboni?" Pilira anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Ine ndimayesa ndine mkazi amene ukufuna kukwatira."

"Ndiwe dokotala. Iwe wemwe umauza odwala kuti asamachite manyazi."

"Ndimawauza, inde. Koma sindinaimepo pagulu n'kuyala za wodwala wanga iye ali pompo. Nkhani ija ndi yanga, Lyton. Woinena ndine, tsiku limene ine ndafuna. Kuntchito kwanga palibe akudziwa. Zuleka amene ndimagona naye chipinda chimodzi samadziwa. Padziko lonse ndinauza munthu mmodzi, ndipo munthuyo wakaika pakhoma."

Lyton anadzikanda m'mutu, akuyang'ana makiyi amene anali m'manja mwake.

"Chabwino, ndalakwa. Pepa. Ndikamuuza Dineo adule gawo limenelo asanatumize kanema. Zithera m'holo momuja, ndikulumbira."

"Nanga amayi ako?"

"Amayi? Za m'kalasi zikawapeza bwanji ku Nellmapius? Usadandaule za amayi."

Anafuna kumugwira paphewa, koma Pilira anabwerera m'mbuyo. Masana a tsikulo sanalowenso m'kalasi.

* * *

Zuleka atabwera kuchokera kumaphunziro anangokhala pabedi la Pilira, natenga dzanja lachipseralo n'kuliika pamiyendo pake.

"Milungu itatu ndikukuona ukumwa kapiritsi m'mawa," anatero. "Ndimayesa ndi ka kulera."

Pilira anaseka misozi ili m'maso.

"Ukadandiuza sindikadakuona mwanjira ina, Pilira."

"Ndikudziwa. Koma ukanadziwa, ukanayamba kundiyang'anira ndikamaoloka msewu. Ndikakhalitsa kubafa ukanagogoda. Ndatopa nazo zimenezo kuyambira ndili mwana."

Mawa lake, Lachinayi, foni ya Pilira inalira ali pamzere wa chakudya chamasana. Unali uthenga wochokera kwa Grain, dokotala wamng'ono amene anamusiyira odwala ake ku Malawi.

"Adokotala, ndaonera phunziro la dzulo pagulu lathu lija. Pepani kwambiri, sitimadziwa. Abwana amafunsa ngati n'koyenera kuti muziyendabe nokha ku zipatala za kumidzi. Ndangoti ndikutsineni khutu."

Pilira anatsegula gulu la maphunzirowo, mmene munali madokotala oposa mazana anayi. Kanema analimo wathunthu. Palibe chimene chinadulidwa.

Anasiya mbale pomwepo n'kulunjika ku ofesi ya Dineo.

Dineo anali akudya apulo, maso ali pakompyuta. Sanadabwe pomuona.

"Dokotala Likoswe. Khalani."

"Sindikhala. Ndani wakulolani kutumiza kanema uja osadula?"

"Kudula chiyani?" Dineo anayankha m'Chingerezi chake chofewa. Anatsegula kabati natulutsa pepala. "Mphunzitsi aliyense akamagwiritsa ntchito nkhani ya wodwala amadzaza fomu iyi. Onani apa. Wodwala wavomereza, inde. Siginecha iyo mukuidziwa."

Pilira anaidziwa. Inali siginecha yomwe ija inali pansi pa makalata amene Lyton ankamulembera ndi dzanja, ponena kuti mauthenga a pafoni alibe fungo.

"Sanakuuzeni kuti muchotse gawo lomaliza?"

"Anadutsa pano dzulo masana. Anangondipempha kuti ndimutumizire kanemayo msanga pafoni yake. Za kudula sanatchule." Dineo anaika apulo pambali n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kudzanja. "Ndichotsa ngati mukufuna, koma anthu mazana atatu aonera kale."

"Chotsani."

Pilira atafika pakhomo, Dineo anayankhulanso.

"Inu mwamudziwa chaka chimodzi. Ine zaka khumi ndi ziwiri. Lyton sanena ayi munthu akumuyang'ana m'maso. Amafuna njira yoti wina amunenere."

"Zimenezo mukundiuziranji?"

"Chifukwa ine palibe anandiuza."

* * *

Mauthenga a Lyton ankangolowa motsatizana.

"Pili, yankha foni."

"Dineo watumiza ndisanamupeze. Mkazi amene uja ali ndi nsanje, wakhala akutifunira zoipa kuyambira kale."

"Fomu ija ndimangodzaza mwachizolowezi, sindinaganize."

"Ndili panja pa hositelo yanu. Tsika, mphindi zisanu zokha."

Pilira anasuzumira pawindo. Galimoto yoyera inali itaimadi pansi pa mtengo, maluwa akugwera pagalasi. Mtima wake unafuna kutsika. Unafuna kukhulupirira kuti zonsezi ndi ntchito ya Dineo, kuti Lyton ndi munthu wopusa chabe amene anakondwa mopyola muyeso. Anafika pogwira chitseko.

"Ukatsika, akulirira, iwe umukhululukira tisanadye mgonero," anatero Zuleka osadzutsa mutu pabuku. "Ndikukudziwa. Muleke aime pamenepo amve kutentha."

Pilira anabwerera n'kukhala pansi. Patapita ola galimoto ija inachoka.

Lachisanu masana foni inaliranso. Nambala inali ya mayi ake a Lyton.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Kaya inu adokotala?"

Pilira anazizidwa. Milungu itatu yonseyi mayiwo ankamutchula "iwe mwana wanga". Ulemu umenewu unali wachilendo, ndipo unali wozizira ngati madzi a m'firiji.

"Mubwere kuno mawa m'mawa," anapitiriza. "Mubwere nokha."

* * *

Anakwera matakisi awiri kuti akafike ku Nellmapius. Loweruka m'mawa m'misewu munali piringupiringu, ena akuchapa magalimoto, ena akuotcha nyama pakona, wailesi zikupikisana. Nyumba ya Mayi Enifa Kaludzu inali yanjerwa, yaing'ono, ya zipinda ziwiri zalendi kuseri. Anaimanga ndi zaka makumi atatu za kukolopa ndi kusita m'nyumba za anthu olemera ku Lynnwood, ndipo ndi manja omwewo anaphunzitsa Lyton mpaka udokotala, bambo ake atamwalira.

Tsikuli panalibe nthungululu. Mayiwo anatsegula geti, namulozera mpando pabalaza. Kuchipinda kunkamveka zidole za pa TV, ndipo pafupi ndi chitseko panali tinsapato tapinki. Pilira anaganiza kuti n'ta mwana wa anthu ochita lendi kuseri kuja.

"Sindizungulira," anayamba Mayi Enifa atakhala patali. "Ndaona kanema. Chingerezi changa n'cha kukhitchini, koma ndamva. Dzanja lija ndinaliona tsiku loyamba, munandiuza kuti munapsa ndi tiyi."

"Sindinaname, amayi. Ndinapsa ndikuphika tiyi."

"Koma simunanene chimene chinakugwetsani."

Pilira anawayang'ana m'maso.

"Ndimafuna ndidzakuuzeni ndekha nthawi yake ikakwana. Amayi, matenda amenewa ndi ntchito yanga. Sapatsirana. Si ufiti, si tsoka. Ndi ubongo chabe umene nthawi zina umathwanima ngati magetsi akamavuta. Ine ndatha zaka khumi ndi zisanu osagwa. Ndingathe kubereka, ndingathe kulera."

"Zonsezo ndi za m'mabuku." Mayiwo anapinda manja. "Ine ndikuuzeni za m'maso. Ndinali ndi mng'ono wanga, Jean. Ankagwa. Tsiku lina anapita kukachapa kumtsinje, anamupeza madzulo atafa m'madzi ofika m'mawondo. Pamaliro anthu anakana kudya m'mbale zathu. Mnyamata amene ankafuna kundikwatira anatumiza amalume ake kudzanena kuti asintha maganizo. Mukuganiza kuti ku Joni kuno ndinabwera chifukwa chokonda kukolopa? Ndinathawa dzina. Kuno palibe akudziwa. Ndiye lero dzina lomwelo lilowenso pakhomo panga, litavala diresi loyera?"

"Ndiye inu mukudziwa kuwawa kwake, amayi. Zimene anakuchitani zija mukufuna mundichitenso ine?"

Mayi Enifa anayang'ana kumbali.

"Inu ndinu munthu wabwino. Koma chinkhoswe chija sindikhalapo, ndipo Lyton sangachite ine kulibe."

Pilira anadzutsa mutu. Ukali wake wonse unathamangira kwa munthu mmodzi.

"Ndi Dineo wakutumizirani, eti? Nambala yanu ali nayo?"

"Dineo?" Mayiwo anadabwa. "Ayi."

"Nanga ndani?"

Mayi Enifa anazengereza, kenaka anatenga foni patebulo, naisanthula ndi chala chimodzi, n'kumupatsira.

Pamwamba panalembedwa "Mwana wanga". Kanema anatumizidwa Lachitatu, nthawi ya wani koloko masana, maola awiri okha kuchokera pamene Lyton analumbira pamalo oimika magalimoto. Pansi pa kanemayo panali mawu.

"Amayi, onerani mpaka kumapeto. Wodwala amene ndikunenayo ndi Pilira. Ine zikundilemera. Mukaonera mundiuze ngati tipitirize."

Pilira anawerenga katatu. Zilembo zinayamba kusambira. Sanalire. Anangomva thupi lonse likupepuka, ngati munthu amene waponda sitepe imene kulibe. Munthu uja anaima ola lathunthu pansi pa windo lake, akulemba kuti Dineo ali ndi nsanje, uthenga uwu uli m'foni yomweyo.

Anaika foni patebulo mosamala, natenga chikwama chake.

"Zikomo, amayi. Ndamva. Simuvutikanso n'kukana, ine ndi amene..."

Kuchipinda kunamveka chinthu chikugwa, khu! Kenaka kugunda, kugunda, ngati wina akumenya kabati ndi chidendene.

Mayi Enifa anadzuka ndi mfuu. "Tumi! Mayo ine, Tumelo!"

* * *

Pilira ankakudziwa kugunda kumeneko. Anafika pachitseko mayiwo asanafike.

Pansi, pakati pa bedi ndi kabati, panali kamtsikana ka zaka ngati zisanu. Maso anali atatembenuka, nsagwada zitalumana, manja ndi miyendo zikukoka mwamphamvu. Mutu unkagunda mwendo wa kabati.

Mayi Enifa anatulukira ndi supuni m'manja.

"Chotsani imeneyo! Musamuike kanthu m'kamwa, mumuthyola mano!"

"Ameza lilime!"

"Sameza. Kankhani kabatiyo. Ndipatseni pilo."

Pilira anagwada, naika pilo pansi pa mutu wa mwanayo, namasula batani la pakhosi. Anayang'ana wotchi. Sanamupanikize, anangotchinga ndi mikono kuti asadzigunde. Mayiwo anali chiimire pakhomo, akupemphera mosakaniza Chichewa ndi Chizulu.

Mphindi imodzi. Mphindi imodzi ndi theka. Kukoka kuja kunayamba kuchepa, kenaka thupi lonse linalefuka. Pilira anamugoneka cham'mbali, napukuta thovu ndi m'mphepete mwa bulauzi yake. Pakona pa mlomo panali timagazi, mwanayo anali atadziluma lilime. Diresi lake linali litanyowa. Anapuma mwamphamvu kamodzi, kawiri, kenaka mpweya unayamba kuyenda bwino.

"Zatha. Agona tsopano, musamudzutse." Pilira anamugwira pachipumi. "Thupi silikutentha. Anadwala malungo kapena chimfine masiku apitawa? Anagwapo n'kumenya mutu?"

"Ayi."

"Aka n'koyamba?"

Mayi Enifa anakhala pansi pomwepo, supuni idakali m'manja.

"Kachitatu. Kuyambira mu Ogasiti. Konseko anali ndi ine, amabwera Lachisanu lililonse kudzagona kuno."

"Kachitatu, osapita naye kuchipatala? Amayi, mwana uyu afunika kuyezedwa sabata yomwe ino. Makolo ake ali kuti? Ndi a m'zipinda zakuseri?"



Pilira anayang'ananso nkhope ya mwanayo, tsopano itadekha. Anaona nsidze zokumana pakati. Anaona kachibowo ka pachibwano. Anaziona zimenezi kambirimbiri, pankhope ina, zili pafupi ndi nkhope yake.

"Amayi, mwana uyu ndi wa ndani?"

"Ndi mdzukulu wanga." Mawu anatuluka ngati akuchita kukokedwa. "Ndi wa Lyton."

"Mayi ake?"

"Dineo."

M'chipindamo munangotsala phokoso la zidole za pa TV. Pilira anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

"Tsiku limene ndinabwera koyamba lija anali kuti?"

"Lyton anati tichotse zithunzi zake pabalaza. Anati adzakuuzani yekha mukadzakwatirana."

Pilira anafuna kudzuka, koma mutu wa mwanayo unali utatsamira pabondo lake, ndipo kadzanja kake kanali katagwira siketi yake. Anakhala choncho, akuyang'ana khoma.

Mwadzidzidzi Mayi Enifa anakwawa ndi mawondo mpaka pamene iye anali. Mayi yemwe uja amene mphindi khumi zapitazo anakhala patali, tsopano anamugwira mapazi.

"Mwana wanga, ndikupempha. Lyton sakudziwa. Dineo sakudziwa. Akwawo a Dineo sanatifunepo ife, amati ndife obwera. Akamva izi anena kuti ndi magazi athu a ku Malawi, ndipo sanama, ndi magazi a Jean amenewa. Amutenga apite naye ku Polokwane, sindidzamuonanso. Ndi mdzukulu yekhayo amene ndili naye. Iwe uli nawo mapiritsi aja. Ndipatseko, ndizimupatsa mwakachetechete akabwera."

"Sizitheka, amayi. Mankhwala anga si a mwana, ndipo samwedwa Lachisanu lokha. Mungamuphe. Komanso sindingapatse mwana mankhwala makolo ake osadziwa. Bwanji akadzagwa ali m'bafa kwa mayi ake, iwo osadziwa kuti sayenera kumusiya yekha?"

"Ndiye ungokhala chete. Lero lokha. Undipatse nthawi ndipeze ponenera."

"Mukundipempha kuti ndibise chinthu chomwe mwandikanira."

"Ndikudziwa. Mulungu andikhululukire, ndikudziwa."

Panja panalira hutala kawiri. Geti linakwekwereza.

Mayi Enifa anatuwa. "Ndi iwowo. Loweruka amabwera limodzi kudzamutenga. Ndinawauza kuti abwere madzulo, iwe utapita."

Panamveka mapazi a anthu awiri pakhonde, ndi kuseka kwa mwamuna kumene Pilira akanakuzindikira pakati pa anthu chikwi.

"Ko ko!" anaodira Dineo mwansangala. "Gogo, Tumi wavala? Tafulumira lero, adadi ake akuti tikadyere kunja."

Mayiwo anakanikiza mapazi a Pilira ndi manja onse awiri, akupukusa mutu, misozi ikugwera pasimenti. Mwana anali mtulo pabondo lake, diresi lili lonyowa, magazi ali pamlomo.

"Amayi?" anaitana Lyton ali pabalaza. "Chikwama ichi n'cha ndani?"